Sizasi yanu ikadali pantchito

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Kuno ku Matero zinthu zili momwe munazisiyira. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, ngakhale mphuno si yakwathu. Mtengo wa mango wakuseri uja wabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Ine ndimangowayang'ana, chifukwa anandiuza kuti ulusi wa mango ungathe kunditseka m'mimba. Apa ndiye pali nkhani.

Matenda amene anakutengani anandipeza inenso. Magazi popita kuchimbudzi, kuonda, kenako madokotala ndi mawu omwe aja: adule thumbo, alitulutsire pamimba, ndizivala thumba. Inu munawayankha kuti, “Ndinabwera wathunthu, ndipita wathunthu. Sindingayende ndi chimbudzi pamimba.” Ndine ndinakumangirani katundu tsiku lija, ndinenso ndinaitana takisi yotichotsa kuchipatala. Ndinkati ndikukulemekezani. Munakhala miyezi isanu.

Ine ndinavomera, Amayi. Sikuti ndine wolimba mtima. Ndinaona momwe miyezi isanu ija inayendera, ndipo ndinachita mantha.

Mwina mukufuna kudziwa kuti chimene munakana chimaoneka bwanji. Chili kumanzere, m'munsi pang'ono mwa mchombo, chofiira ndi chonyowa ngati m'kati mwa tsaya. Achipatala amachitcha sitoma. Sichipweteka ukachikhudza. Thumba limamatidwa pakhungu mochizungulira, ndipo ndimalikhuthula lisanafike theka. Chimbudzi ndi chomwe chija cha mabanja anayi, ndiye ndimapita ndi botolo langa la madzi anthu akachoka kupita kuntchito. Nyemba ndi kabichi zimafufumitsa thumba, ndipo linandilankhulirapo m'minibasi. Ndinangoyang'ana mwaukali bambo amene anali pambali panga.

Masabata oyamba ndinalakwitsa ziwiri, ndipo chimodzi ndi mlandu wanu. Munatiphunzitsa kuti munthu satuluka m'bafa wotuwa, ndiye ndinkadzola mafuta mimba yonse. Thumba linkangomatuka. Nesi wa kukiliniki atamva anagwira m'mutu.

“Mami, apa osaika mafuta. Manzi chabe, mwaumika bwino, mwamata.”

Chachiwiri ndi mlandu wanga. Bowo la pa chomatira cha thumba umadula wekha, ndipo ine ndinkadulabe muyezo wa tsiku loyamba, osadziwa kuti sitoma imachepa kutupa kukamatha. Zotuluka zinkafika pakhungu mpaka linanyuka. Ndinachita manyazi, mwana wa telala. Si inu munkati, “Yezanso, thupi la munthu silidikira telala”? Tsopano ndimayeza nthawi iliyonse, ndipo ndimadula ndi sizasi yanu yaing'ono ija, yomwe munkatimenya tikaigwira. Matumba nthawi zina amasowa kukiliniki, ndiye sindifuna kuwononga ngakhale limodzi.

Makina anu ndikusokerabe pakhonde. Ndiwo anandiululira za Tamala, chitsiriza wanu.

Chichitireni opaleshoni, Tamala akabwera ankakhala pafupi ndi chitseko, tiyi wanga osamwa. Sindinamufunse. Mwezi watha anabweretsa masiketi atatu kuti ndimuchepetsere m'chiuno. Lachinayi lapitali anabweretsanso omwewo. Ndinamuzunguliza tepi, ndinaona kuti chiuno chachepanso, ndipo ndinamufunsa ngati akuona magazi. 

“Ni miyezi itatu, ba sisi. Koma nili kupempherera.”

“Pempherera uli pamzere wa kuchipatala.”

“Iyayi. Vija vinthu ine sinifuna. Ba mami banakamba bwino, munthu afunika kuyenda wathunthu.”

Mawu anu, Amayi, m'kamwa mwa mayi wa ana awiri amene wamng'ono sanayambe sukulu. Ndinakukwiyirani, ndikuuzeni zoona. Ndinadzikwiyiranso ndekha chifukwa cha takisi ija.

Sindinakangane naye. Ndinamulowetsa kuchipinda, ndinatseka chitseko, ndinatenga beseni la madzi ofunda ndi kumasula chitenje. Anatembenukira kukhoma. Ndinamuuza kuti manja anga anyowa, andigwirire sizasi. Anaizindikira. Ndinamatula thumba lakale, ndinatsuka, ndinapukuta, ndinayeza, ndipo ndinamupatsa chomatira chatsopano kuti adule potsata mzere. Anadula bwino, kuposa ine, kenako anafunsa ngati chimapweteka.

“Sichibaba?”

“Ayi.”

“Ni ichi chabe?”

“Ndi chomwechi.”

Anayang'anitsitsa kwa nthawi. Kenako anamata yekha thumba lija, nasindikiza ndi chikhatho monga ndinamuuzira, ndipo dzanja silinachoke msanga. Tinatuluka, anamwa tiyi, makapu awiri. Pochoka anafunsa kuti mzere wa kuchipatala umayamba nthawi yanji.

Sindikudziwa chomwe akamupeze nacho. Mwina ndi kanthu kochepa, mwina ndi zathu zomwezi. Masiketi ake ndawapinda osadula nsalu, kuti akadzanenepanso ndidzangomasula ulusi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pa zonse munkanena ndimakumverani, kupatula pa ichi chimodzi. Lachiwiri m'mawa ndikamutenga Tamala kwawo ku Chawama kupita naye kuchipatala, ndipo ndikulonjeza kuti ulendo uno takisi yobwerera kunyumba sindiitana. Ngati munayamba kumukonzera malo kumeneko, ayambe adikira.

Ndine mwana wanu,
Esinati