Chipsera cha Kuseri kwa Khutu

Area 25,
Lilongwe.
Novembala 2024

Okondedwa alamu anga a Tusekele,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji ku Karonga ndi kutentha kwanu kuja? Abambo akunyumba mwendo uja unasiya kutupa? Nanga ana? Ife kuno tikudzuka, Mulungu akutisunga. Mvula yayamba kuwaza, fumbi lachepako.

Mudabwa kulandira kalata yapamanja masiku ano a mafoni. Ndachitira dala. Pa foni munthu akafunsidwa chinthu chovuta amati netiweki yavuta, kenako foni yaduka. Kalatayi ndapatsira Jenifer, mnzanga wakutchalitchi amene amabwera kumeneko kudzapikula mpunga, ndipo ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati mwa wina. Pepani ndalemba m'Chichewa. Mukudziwa kale kuti Chinkhonde changa chimathera pa moni.

Chisankho anamupanga opaleshoni ija ndipo ali bwino. Mtima ukhale m'malo. Koma ndikufuna mumve zonse mmene zinayendera, chifukwa kumapeto ndili ndi funso.

Vuto la makutu linamuyamba ali ndi miyezi isanu. Chimfine chikangomugwira, thupi linkatentha, ankadzikoka khutu n'kumalira osatonthozeka, bere n'kukana. Kenako pa pilo tinkapeza mafinya achikasu, onunkha. Tinkathamangira kuchipatala cha kuno, ankatipatsa mankhwala akumwa ndi odontheza, n'kuchira. Tisanapume bwino zayambanso, mwina khutu lomwelo, mwina linalo. Mabotolo otha mankhwala anachita kudzaza pawindo.

Aliyense anali ndi chomwe ankachiganizira. Eni nyumba ankati ndimamuyamwitsa chogona, mkaka umalowa m'khutu. Amayi anga a ku Kawale ankati pali wina kumudzi amene sanakondwe ndi ukwati wathu. Ine ndinkakayikira utsi wa makala, madzi osamba, ngakhale anansi amene ankakonda kumunyamula. Koma amuna anga, alongo anu a Gordon, sindinawaganizirepo kanthu.

Tsiku loyamba mafinya kutuluka ndinasokonezeka, ndinatenga kamtengo ka machesi kuti ndimutokose. A Gordon anandigwira mkono mwamphamvu. Anatenga thonje, analipota kukhala kachingwe, analowetsa m'khutu mofatsa, kulitulutsa, kupota lina, mpaka khutu linauma. Atatero anapapasa kuseri kwa khutu ndi chala ngati akufuna chotupa. M'mawa mwake nesi anatiphunzitsa zomwezo, ndendende. Nditawafunsa a Gordon kumene anaphunzira, anati anaonera pa foni. Alamu, munthu woti ngakhale thewera limamukanika kumanga. Manja amene aja sanaphunzire pa foni.

Ndiye panali zowomba m'manja. Akaweruka kuntchito ku Kanengo, asanavule n'komwe nsapato, ankamuzembera mwana kumbuyo n'kuwomba m'manja. Mwana akatembenuka, iwo ankamwetulira n'kukasamba. Akapanda kutembenuka, tsiku limenelo chakudya sankachikhudza. Nthawi imeneyo panalibe dokotala amene anali atatiuza kuti mafinya angathe kumusiya mwana wosamva. Ine ndinkangoti ndi masewera a bambo ndi mwana wake woyamba.

Atakwana chaka, Chisankho anasiyiratu kutembenuka. Ndinkamuitana ali pafupi, iye n'kumangoseweretsa chivundikiro cha poto. Anzake obadwa naye nthawi imodzi anayamba kuti mama, iye ayi. Apa m'pamene anatitumiza ku chipatala chachikulu cha Central, kwa madokotala a makutu.

Anamuyeza ndi kamakina kolowetsa m'khutu. Dokotala wake, mayi wofatsa, anatifotokozera kuti m'kati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala, ndipo kuseri kwake kwadzaza madzi okhuthala ngati ulimbo. Mwanayo akumva ngati munthu amene wamiza mutu m'mgolo wa madzi. Anati mankhwala akwana, chofunika n'kuboola kachikopako n'kuikapo timachubu tating'ono ngati njere ya mpunga, kuti madzi atuluke, mpweya uzilowa. Timachubuto timadzagwa tokha. Koma kuti atiike, ayenera kumugoneka ndi mankhwala.

Kenako anafunsa ngati m'banja mwathu muli wina amene ali ndi vuto la kumva kuyambira ali mwana. Ine ndinati kwathu kulibe. Ndinatembenukira a Gordon, poganiza kuti atchula Wakisa, mtsikana wosamva uja mumamulera, amene munandiuza kuti ndi mwana wa malemu msuweni wanu.

“Kulibe,” anatero, maso ali pa nsapato zawo.

Titatuluka ndinawafunsa. Anati Wakisa ndi wachibale wapatali, sawerengedwa.

Tsiku lomwelo, tikudikira kuti atipatse deti, ndinakhala pa benchi ndi mayi wina wa ku Area 36. Mwana wake anali ndi chipsera chachitali kuseri kwa khutu. Anandiuza kuti nayenso anayamba ndi mafinya, iwo anachedwa kupita kuchipatala, kuseri kwa khutu kunatupa, madokotala anachita kung'amba, koma khutulo linali litafa kale.

Alamu, chipsera chimene chija ndinachionapo kale. Khirisimasi ija tinabwera kwanu ndili ndi pakati, ndinamuluka tsitsi Wakisa pansi pa mango. Anali nacho pamalo omwewo, kutalika kwake komweko. Nditafunsa, munati anagwera pa khasu, ndipo kusamvako anabadwa nako. Munayankha msanga n'kunditumiza kukaona mphika.

Patangopita masiku ochepa apongozi, amayi anu, anatulukira ndi chikwama, popanda kundiuza. A Gordon ndiwo anawaitana. Anapeza amayi anga ali pakhomo, akukaniratu za opaleshoni. Ankati khanda saligoneka ndi mankhwala, ena sadzuka. Anali atabwera ndi kabotolo ka mafuta ochokera kwa sing'anga wina kuti tizimudontheza. Ine ndinkadziwa kuti apongozi nawonso amakhulupirira zitsamba, ndiye ndinati basi, agogo awiriwa agwirizana, ine ndatsala ndekha.

Apongozi analanda kabotoloko n'kukakhuthula m'ngalande, amayi anga akuona.

“Zimenezi n'zimene zinatichedwetsa ife,” anatero. “Mwanayu apite kwa madokotala, ngakhale mawa.”

Amayi anga anamanga chitenje n'kumapita, mpaka lero sanapondenso pakhomo pano. Ine ndinawafunsa apongozi mwaulemu kuti zinawachedwetsa liti, pa mwana uti. Anati Chichewa chawo n'choperewera, alakwitsa mawu. Mayi woti anakhala zaka zambiri mu Lilongwe muno, malemu abambo akugwira ntchito ku Capital Hill, lero Chichewa chawathawa?

Kuyambira pamenepo, iwo ndi mwana wawo ankakonda kukaima kuseri kwa nyumba n'kumanong'ona m'Chinkhonde. Ndikatulukira ndi zovala zoti ndiyanike, ankakhala chete, kapena kuyamba kukamba za mitengo ya chimanga. Chilankhulocho sindimva, koma mayina ndimamva. Ndinamva Wakisa. Ndinamva Rozina, dzina langa. Ndinamvanso dzina lina limene sindinalimvepo m'banja mwanu, Rejoice.

Ndiye zinthu zinayamba kundibwerera. Pa Khirisimasi ija Wakisa ankawatsata a Gordon kulikonse, atagwira thalauzi lawo. Ankalankhulana ndi manja mwachangu, mtsikanayo n'kumaseka mpaka kugwa. A Gordon anandiuza kuti kumudzi aliyense amatha, koma amuna anu sindinawaone akuchita zimenezo. Nsapato zimene anamugulira kuno asanafunse saizi kwa aliyense zinamukwana bwinobwino. Ine mkazi wawo saizi yanga saidziwa.

Mumtima ndinati mwana achire kaye.

Tsiku la opaleshoni tinapita atatu, ine, a Gordon ndi apongozi. Anatiuza kuti asayamwe kuyambira m'bandakucha. Chisankho ankandikoka bulauzi, akundiyang'ana ngati ndamuda. Zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse. A Gordon anasaina pepala la chilolezo. Atamunyamula kulowa naye m'chipinda cha opaleshoni, tinatsala panja kudikira. Mawu a amayi anga aja, oti ena sadzuka, ankangozungulira m'mutu.

Sizinatenge nthawi. Dokotala anatuluka n'kutiuza kuti zayenda bwino, madzi anali ambiri makutu onse, timachubu talowa. Tinamumva mwana akulira m'kati, kulira kwa mkwiyo, kwa munthu wanjala. A Gordon anandigwira dzanja, osandiyang'ana, n'kunena chapansipansi ngati akudziyankhulira okha:

“Koma uyu yekha ndamufikitsa nthawi yake.”

Apongozi anawaponda phazi. Ndinaona.

Pobwerera tinakwera minibasi. Kondakitala atamenya chitseko kuti dalaivala anyamuke, Chisankho anadzidzimuka thupi lonse, n'kuyamba kulira akuyang'ana uku ndi uku. Mwana woti mbale inkagwa pambali pake iye osaphethira. Ine ndinaseka ndi chimwemwe. A Gordon anabisa nkhope m'chipewa n'kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka, mpaka amayi ena a m'minibasimo anandifunsa ngati tachokera kumaliro. Ndakhala nawo zaka zonsezi, pa maliro a abambo awo sanalire choncho.

Panopa mwana wanu Chisankho ndi munthu wina. Tambala akalira amafunafuna. Wailesi ikayamba nyimbo amagwedeza matako. Ndikamuitana ndili kukhitchini amabwera chokwawa, ndipo wayamba kuti dada. Pomusambitsa timamutseka makutu ndi thonje lopaka vaselini kuti madzi asalowe. Mafinya sanabwerenso, ngakhale anatichenjeza kuti mwina nthawi zina angadzatuluke pang'ono.

Lamulungu lapitalo titachoka kutchalitchi ndinawafunsa a Gordon, apongozi ali pomwepo. Sindinazungulire. Ndinati bambo ake a Wakisa ndi ndani, nanga Rejoice ndi ndani. Anati mwana wangochira kumene, tisayambe zina. Ndinawakumbutsa kuti pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa abusa ananena kuti alibe mwana kwina kulikonse. Anatenga jekete n'kutuluka, n'kubwerako ndi thonje, pamene m'nyumba muli thonje lodzaza kabati.

M'mawa mwake apongozi anati akubwerera. Ndinawaperekeza kudepoti. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anandikokera pafupi.

“Mwana wanga, ine ndinalonjeza kuti sindidzanena. Tusekele sanalonjeze.”

N'chifukwa chake ndalembera inu.

Alamu, ndikuuzeni zoona, panopa ndikukayikira chilichonse. Foni ya a Gordon ikalira ndimatchera khutu. Maulendo aja ankati ntchito yawatuma ku Mzuzu, ndayamba kudzifunsa ngati ankatheradi ku Mzuzu. Ngakhale inuyo ndikukukayikirani. Ndimakumbukira mmene munavinira pa ukwati wathu, mmene munandikumbatira n'kunena kuti tsopano ndine mng'ono wanu, ndiye ndimadzifunsa kuti nthawi imeneyo mumtima munali mutasunga chiyani. Moyo woterewu sindikuufuna. Ukundidwalitsa.

Ndiuzeni. Wakisa ndi mwana wa a Gordon? Rejoice ndi mayi ake? Ali moyo? Ngati ali moyo ali kuti, ndipo anamulowola? Pakuti ndikudziwa kuti kwanuko mkazi wolowoledwa amakhalabe mkazi wa pakhomo ngakhale atachoka. Ndikufuna kudziwa ngati ine ndili mkazi wa munthu kapena mkazi wachiwiri wosadziwa. Ndiuzeninso chimene chinachitika ndi makutu a mwana ameneyo, chifukwa mwezi wamawa tikupitanso kwa dokotala, ndipo funso lija sindikufuna kuti lidzayankhidwenso ndi bodza. Ndi thupi la mwana wanga limeneli.

Pali chinanso. Tsiku lina ndinapita ndekha kukamuonetsa Chisankho, ndinafunsa bambo amene amayeza makutu ngati mwana wamkulu, woti anasiya kumva ali khanda chifukwa cha mafinya, angathandizike. Anati sangalonjeze asanamuone, koma ena amapezeka kuti khutu limodzi likadali ndi mphamvu pang'ono, ndipo pali timakina tovala tothandiza kumva. Anati abwere adzamuyeze. Sukulu zikatsekera mubwere naye. Pogona alipo. Mwanayo sanandilakwire kanthu, ndipo ndaona ndi maso anga kuti kusamva n'chiyani.

Koma adzalowe m'nyumba muno ndikudziwa kuti ndi ndani. Sindidzamuyalira mphasa ngati mlendo pamene mwina nyumbayi ndi ya bambo ake.

Za ine ndi alongo anu sindikulonjeza kanthu. Masiku ena ndimawayang'ana akumupukuta mwana makutu mosamala chonchija, chisoni n'kundigwira, poganiza zimene akhala atasenza okha. Masiku ena ndimafuna kulongedza. Amayi anga sindinawauze, chifukwa tsiku lomwelo angabwere ndi galimoto kudzatenga katundu wanga.

Jenifer akhala kumeneko mpaka mpunga wake ukwane. Mulembe yankho mumupatsire. Musaimbe. Akabwera chimanjamanja, ndidzadziwa kuti nanunso mwasankha kukhala chete, ndipo ndidzapita kwa ankhoswe ndi mafunso omwewa.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi mtima wonena zoona. Mundiperekere moni kwa abambo akunyumba, kwa ana onse, ndi kwa apongozi, muwauze kuti za kabotolo zija sindinawasungire chakukhosi. Wakisa mumupatse moni wanga mmene mumalankhulira naye muja. Ndikanakonda kulemba kuti mlongo wake Chisankho akumupatsanso moni, koma mawu amenewo ndikudikira kuti achokere kwa inu.

Ndine mlamu wanu,
Rozina, make Chisankho