Chifefe chanu ndachipereka

Atate, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Chawama tilipo. Tisa, mdzukulu wanu uja, wabereka mwana wamwamuna ndipo tamutcha dzina lanu. Madzi a mvula analowanso m'nyumba chaka chino, koma sanafike pa bedi.

Ndikuuzeni za chifefe chanu, mfuti yanu yakale ija. Chichokereni inu ndakhala ndikuchipukuta ndi mafuta monga munandiphunzitsira, koma mtima sunali m'malo. Ana akukula, ayamba kusuzumira paliponse. Laisensi nayo ili m'dzina lanu, ndiye apolisi anati ndisankhe: kuchilembetsa, kuchigulitsa mwalamulo, kapena kuchipereka kwa iwo.

Ndinapita kusitolo ya mfuti m'tauni. Mwini sitolo sanachigwire n'komwe. Anandilozera zinzake zitatsamira khoma, fumbi lokhalokha. Anati, “Batate, vakudala ivi kulibe ogula. Makampani a alonda afuna vanyowani, volowa vipolopolo vambiri.” Zinandiwawa, poti mfuti imeneyi ndi imene inatilera, inu mukulondera mafamu a eni.

Nkhani yoti ndikufuna kugulitsa mfuti inamveka m'komboni muno. Loweruka kunabwera mnyamata wovala bwino, nkhope yachilendo, nakhala pampando wanu osapatsidwa. Anati, “Mudala, ine nizagula lelo lelo. Va mapepala visiyeni, vichedwetsa chabe.” Ndinakumbukira mawu anu aja akuti mfuti sifunsa dzina la munthu, amafunsa ndi woinyamula. Ndinamuuza kuti atuluke, ndipo anatuluka akutukwana.

Lolemba m'mawa ndinachikulunga m'bulangete, ndinatenga mapepala onse, mpaka kupolisi. Wapolisi wachikulire anachitsegula, nasuzumira mu mpaipi moloza kuwindo, nthawi yaitali. Kenako anati, “Mwine wake anali munthu waukhondo.” Ndinayankha kuti ndi atate anga amenewo, mokweza, mpaka ena anatembenuka.

Mng'ono wanga Yobe wakwiya, akuti ndataya chuma cha banja. Mwina sandilankhula mpaka Khirisimasi. Ndapirira. Zaka zonse zija chifefe chanu sichinakhetse magazi a munthu, ndipo chachoka pakhomo pano chili chomwecho.

Mvula ikatha ndibwera kudzalambula pamene mwagona, ndipo Yobe ndidzamukoka, afune asafune.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faindani