Zala Zisanu ndi Zinayi za Apongozi

Lolemba, 1 Juni

Atatu abweranso lero ndi zikhadabo zosendeka. Namwino uja, mayi wa kubanki, ndi mtsikana amene ndinamupaka Lachinayi lapitali. Wa kubankiyo anabwera ndi jelo wake wopaka zikhadabo ali m'kapepala, zidutswa zinayi, n'kuziyala patebulo langa chimodzichimodzi kuti aliyense aone. Onse ndawakonza ulere.

Titatseka, Madamu, eni saluni, anandiitanira kuseri kwa zoumitsira tsitsi. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Akuti jelo amene ndikugwiritsa ntchitoyu akutichotsa ulemu, ndipeze wokhalitsa pofika pa 22. Apo ayi, pakona panga aikapo mpando wolukira tsitsi. "Tsitsi silibwerera m'kapepala," anatero.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pakona pamenepo. Katoni yochirikiza mwendo wa tebulo ija ndinaipinda ndine. Mantha ndili nawo, ndisaname.

Lachiwiri, 2 Juni

Wogulitsa mankhwala a m'saluni wandisiyira zoyesera zitatu. Mayina ake opinda lilime, ndangowapatsa anga malinga ndi botolo.

Wakuda: mabotolo atatu, wapansi, wamtundu ndi wapamwamba. Amadya nthawi. Woyera: botolo limodzi basi, kupaka, kuumitsa, kasitomala ulendo. Wagolide: wokhuthala ngati uchi, ali ndi nyali yakeyake youmitsira. Wogulitsayo akuti ndikamuumitsa m'nyali ina ndisamuimbire foni.

Aliyense akuti amakhala masabata atatu osasendeka. Amene wandipereka kwa Madamuyu nayenso ankatero.

Kuyesera pa makasitomala ayi, atsala owerengeka. Pa ine mwini ayi, manja anga amakhalira mu asetoni wochotsera jelo, palibe chingakhalepo. Mnzanga woluka tsitsi wakana, akuti zala zake ndi khasu lake. Ndikufuna manja ozunzika, oti jelo akapulumuka pamenepo ndiye kuti apulumuka paliponse.

Ndafika kunyumba, ndawapeza. Ali m'beseni mpaka m'zigongono.

Lachinayi, 4 Juni

Apongozi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akuchapa kuhotela. Anapuma pantchito koma manjawo sanauzidwe. Chibwerere kwathu kuno, amuna awo atamwalira, sopo ndi wawo, beseni ndi lawo, chingwe choyanikira ndi chawo. Akuti ine ndimachapa ngati ndikupepesa chovalacho. Ntchito yanga saitchula kuti ntchito. Dzina langa m'nyumba muno ndi a Penta.

Dzulo ndinapempha mwana wawo kuti akandilankhulire. Bambo akunyumba anandiyang'ana, n'kukumbukira kuti njinga ikufunika mpweya. Ndinapita ndekha. Ndinati si zodzikongoletsa, ndi kafukufuku, ndipo palibe mkazi wina amene manja ake angaononge jelo msanga kuposa awo. Anazimva ngati ulemu. Za tebulo sindinatchule. Sindikanawapatsa chosekera.

"Bola musandipake zofiira. Ndine munthu wamkulu."

Ndawapaka lero patebulo lodyera. Mtundu umodzi zala zonse, pinki wozilala, kuti diso lisakondere. Ndilembe pano ndisanaiwale.

Kumanja: chachikulu Wakuda, cholozera Woyera, chapakati Wagolide, cha mphete Wakuda, kakang'ono Woyera. Kumanzere: chachikulu Wagolide, cholozera Wakuda, chapakati Woyera, cha mphete Wagolide. Kakang'ono ka kumanzere ndakasiya kopanda kanthu, kofanizira.

"Nanga aka kalakwa chiyani?" Ndafotokoza kawiri. Sanakhutire.

Chopalira chatsopano chathera pa iwo. Zikhadabo zolimba, zamizeremizere, khungu lokhakhala. Poika dzanja m'nyali anatsinzina, akuti aona ngati sindiwawotcha dala. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pabanja pano, sindinawagwirepo dzanja kupitirira moni. Lero ola ndi theka. Ndi ofunda manja.

Lamulo ndawauza limodzi: azigwira ntchito monga mwa masiku onse.

Lamlungu, 7 Juni

Zonse zisanu ndi zinayi zili nganganga. Palibe chodabwitsa, ndi masiku atatu okha.

Kapu ya tiyi apongozi ayamba kuigwira mwanjira ina. Zala zotambasula.

Kusaluni Loweruka kunabwera wina wosendeka. Madamu anangotsokomola.

Lachitatu, 10 Juni

Ndapeza zovala zili chinyowere m'beseni. Akuti phewa. Chibwerere sindinamvepo kuti ali ndi phewa. Ndachapa ndekha, madzi ozizira mpaka kumutu. Iwo ali pampando kundiuza kuti kolala sindinaifike.

Zikhadabo: zisanu ndi zinayi, zonse bwino. Ngakhale Woyera, amene sindimukhulupirira ngakhale pang'ono. Botolo limodzi lingagwire ntchito ya atatu? Koma ndi uyo, akuwala pa cholozera cha kumanja.

Mwina ndine wamwayi, onse atatu ndi abwino. Mwayi wotere sunandionepo.

Loweruka, 13 Juni

Madamu afunsa kuti zikuyenda bwanji. Ndati bwino. Afunsa kuti wapambana ndani. Ndati onse.

Kunyumba ndapeza bambo akutsuka mapoto. Munthu amene sadziwa kumene timasunga sopo. Akuti mayi awo phewa lasamukira m'chiuno.

Zina zomwe ndaona sabata ino. Chitini cha mkaka akutsegula ndi supuni. Batani la wailesi akudina ndi chigongono. Mayi oyandikana nafe andiimitsa pageti, akuti apongozi anu masiku ano akuloza chilichonse, mbalame, mitambo, galimoto, ndipo dzanja likakwera silitsika msanga.

Kabotolo kanga ka mafuta opaka m'mbali mwa zikhadabo sindikukaona. Ndinakasiya m'chikwama.

Lachiwiri, 16 Juni

Magetsi anazima kusaluni, tinaweruka masana. Sanandimve ndikulowa.

Ali pakhonde padzuwa, manja pamaondo, kabotolo kanga pambali. Akupaka chala chimodzichimodzi, mpaka kakang'ono kopanda jelo kaja. Pachingwe palibe ngakhale sokosi. M'khitchini mbale zikudikira a Penta.

Masiku khumi ndi awiri! Manja amene anakalambitsa mabulangete a hotela yonse, masiku khumi ndi awiri osakhudza madzi. Kafukufuku wanga yense wachitikira pa manja a mlendo wa kuhotela.

Ndinapsa mtima. Ndinakweza mawu kwa apongozi, ine, pakhonde, anthu akumva. Ndinati ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, chomwe amachita tsiku lililonse popanda wowapempha, chomwe amandinyoza nacho. Ndinati phewa lawo ndi labodza ndipo chiuno chawo ndi chabodza.

Sanakane. Anatseka kabotolo bwinobwino. "Zaka zonse zija anthu ankayang'ana kolala ya malaya. Manja ochapawo palibe anawayang'anapo. Ngakhale malemu."

Pamenepo munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati chabwino, awayang'ane bwino manjawo, chifukwa Lolemba tebulo langa likupita ndipo sadzapakidwanso.

"Tebulo liti?"

Ndinawauza zonse. Kapepala ka mayi wa kubanki, mpando wolukira, pa 22. Anamvetsera osaphethira. Kenako analowa kuchipinda kwawo. Kabotolo anakasiya pampando.

Lachitatu, 17 Juni

Moni wa m'mawa yekha. Bambo akuyenda m'nyumba monyang'ama, sakudziwa kuti aime mbali iti.

Madamu abwera ndi tepi, ayeza pakona panga ine ndili pomwepo ndikupala zikhadabo za kasitomala. Anandipempha ndinyamule phazi.

Masiku asanu. Ndikhoza kungotchula mmodzi mwa atatuwo, Madamu sangadziwe. Akadziwa patatha milungu iwiri, anthu akayamba kubwera ndi timapepala. Woyera ndi wachangu, Wakuda ndinamuzolowera kapakidwe kake, Wagolide sindikumudziwa mtima. Kulota basi.

Chikundiwawa kwambiri si tebulo. Ndi mawu aja a kolala. Ine ndemwe ntchito yanga ndi kuyang'ana manja a anthu, zaka ziwiri akundichapira, ndinawayang'ana tsiku limene ndinawafuna.

Lachinayi, 18 Juni

Ndafika, nyumba ili mbee. Makatani onse kulibe. Mabulangete onse pachingwe, ena pampanda, ena pa njinga ya bambo. Ngakhale kapeti wa pabalaza amene tinagwirizana kalekale kuti mtundu wake ndi womwewo.

Ndati Mayi, ndione manja. Awabisa kumbuyo. "Tsiku lake silinakwane, a Penta."

Loweruka, 20 Juni

Dzulo anachapa zovala zonse za m'nyumba, zoyera ndi zakuda zomwe. Bambo anapita kuntchito ndi buluku lonyowa m'chiuno. Zitatha zathu analowa kwa oyandikana nafe. Maovololo anayi a makanika wa kuseriku, oili yekhayekha. Makanikayo anabwera kudzafunsa ngati pali vuto.

Lero mapoto. Onse, ndi waya, mpaka kunsi kumene sikuona munthu. Poto wamkulu uja ndimayesa ndi wakuda, kani ndi woyera. Atatha anakolopa khonde ndi burashi, atagwada.

Madzi a mwezi uno amaluma. Ndinati ndiwafunditsire, akana, akuti makasitomala anga sadzafunditsiridwa ndi munthu. Ndinati zakwana, Mayi, ndapepesa, zisiyeni. Akuti masabata awiri anawadya okha ndipo awabweza okha.

Ndinawaona pawindo ataimitsa ntchito pang'ono. Anatulutsa dzanja m'madzi, analiyang'ana, anachotsa kanthu pachala n'kukaika m'thumba. Kenako dzanja linabwerera m'beseni.

Sindinadye bwino.

Lolemba, 22 Juni

Ndinachoka m'mawa asanatuluke kuchipinda. Ndinagogoda, akuti pitani, mukuchedwa. Ndinapita wopanda yankho.

Cha m'ma 10 chitseko cha saluni chatseguka. Apongozi. Diresi la kutchalitchi, chikwama pamkono. Zaka zonsezi sanapondemo, akuti mumanunkha mankhwala. Sanapereke moni kwa ine. Anafunsa kuti eni ake ndi ati, n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kuyala manja onse awiri patebulo langa.

"Lembani, a Penta."

Ndalemba. Woyera: zala zonse zitatu mbee, akuti anayamba kuthawa Lachinayi lapitali pa bulangete lachiwiri. Zidutswa zake anatulutsa m'thumba, zili m'kapepala. Wakuda: cha mphete chilipo, chachikulu chabenthuka, cholozera chayamba kunyamuka m'mbali. Wagolide: zonse zitatu zilipo, kuwala kwachepa koma m'mbali muli gwa, chopalira sichikulowa.

Zina sizinali za kafukufuku. Mfundo za zala zong'ambika, ziwiri zikutuluka magazi pang'ono. Khungu lotuwa, lotupa. Ndinagwira manjawo kuti ndione jelo, ndipo jelo ndinali nditamuona kale, koma sindinawasiye. Maso anga anachita zawo pamaso pa Madamu ndi makasitomala awiri.

Kwa Madamu apongozi anati: "Uyu wagolideyu ndamuyesa ndi sopo, ndi waya, ndi maovololo a makanika. Wakana. Amene adzabwere kudzadandaula, mudzamutumize kwa ine ndidzaone chimene amagwira."

Madamu anawerama, anakanda chala chapakati ndi chikhadabo chawo, anakandanso. Anafunsa ngati nyali yake ilipo. Ndinati ilipo. Anati ndiitanitse mitundu khumi ndi iwiri poyamba. Tepi ija inali pa shelefu yanga chiyambire Lachitatu, anaitenga n'kukaiponya m'dirowa.

Apongozi osanyamuka. Akuyang'ana zala zosendeka zija. Kenako anakankhira kutsogolo kakang'ono ka kumanzere.

"Kafukufuku watha?" Ndinati watha. "Ndiye aka kamasulidwe. Kaona anzake akudyerera masabata atatu." Anayang'ana mabotolo pashelefu, mzere wonse, ngati sakufuna kanthu. "Zofiira zija zimakhala pati?"

Lero sizikanatheka. Asetoni pa zilonda zimenezo akanawaliza. Ndawapaka mafuta, ndawalemba m'buku la makasitomala: Lolemba likubwerali, 10 koloko, zala khumi, Wagolide, wofiira. Anafuna kuona ndi maso kuti ndalembadi. Mpaka tsikulo, ndawauza, beseni ndi langa. Sanatsutse.

Lachiwiri, 23 Juni

Ndachapa ndisanapite kuntchito. Madzi ngati dzulo, oluma.

Anaima pakhomo, manja onyezimira mafuta ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu. Anandiyang'ana mpaka malaya achitatu. Akuti ndikupepesabe.

Kenako anabwera kudzaima pambali panga. Akuti gwirani apa, pindani kolala chonchi, ayi, chonchi, mphamvu ichokere kuphewa. Ndachedwa ndi theka la ola. Akuti mawa tiyamba mabulangete.