Nsalu Imodzi ya Banja Lonse

Aphungu,

Pa 2 Novembala kampu ya alendo kumene ndimagwira ntchito yochapa ndi kutenthetsa madzi inatsekedwa, monga imachitira chaka chilichonse mvula ikayandikira. Tinalandira malipiro omaliza. Ndinapatula za mbewu ndi za chimanga choti tidye mpaka kukolola, kenaka ndisanapalase njinga kubwerera kwathu ku Malama, ndinalowa m'sitolo ya a Jairos ku Mfuwe. Vuto langa linayambira pamenepo.

Ndikuuzeni kaye za atate anga, a Abson, amene anatisiya mu Malichi chaka chino. Anali mlimi wa thonje, munthu wosalankhulalankhula. Koma Novembala aliyense, mitsinje isanadzaze, ankapalasa njinga kupita kwa a Jairos omwewa, n'kubwerako ndi mpukutu wa nsalu ataukulunga m'thumba la feteleza. Nsalu imodzi ya tonse. Amai diresi ndi duku, iwo malaya, ine ndi mlongo wanga Tina zathunso. Ankati, "Mukavala zofanana palibe woyang'ana mnzake cham'mbali." Mpaka lero ndikamva fungo la nsalu yatsopano ndimangoti Khirisimasi yafika. Chaka china anagula ya zithunzi za nkhanga. Tikulowa m'tchalitchi tili pamzere, anyamata a kumbuyo anayamba kulira ngati nkhanga, wina n'kukuwa, "Tcherani misampha, zafika!" Atate sanatembenuke n'komwe, koma ine ndinali pambuyo pawo, ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Chaka chimodzi chokha ndi chimene zinavuta, cha madzi osefukira chija, ine ndili ndi zaka naini. Thonje lonse linapita ndi madzi. Atate anabwera ndi kansalu ka mamita awiri, kobiriwira, ka maluwa achikasu. Amai anapeza duku lokha. Ine ndi Tina anatisokera thumba limodzi limodzi pachifuwa pa zovala zathu zakale. Atate anangomanga kachidutswa kuzungulira chipewa chawo. M'mawa wa Khirisimasi ndinapeza m'thumba langalo muli switi imodzi ndi mtedza wokazinga. Tsiku lonse dzanja silinachokemo. Mtedza utatha ndinaikamo miyala ya legeni ndi chiwala chamoyo, chimene chinatuluka abusa ali pakati pa ulaliki. Nditakula ndinazindikira kuti umenewo unali umphawi, ndipo ndinalumbira kuti ana anga sadzaona chaka cha matumba.

Tsono tsiku lija a Jairos atandiona anati, "Aa, mwana wa a Abson! Njinga ndi yomweyi, koma wopalasa wasintha." Anatsitsa mpukutu wabuluu wa mamita 12, mita imodzi K50, wonse K600. Anauyala patebulo, fungo lija n'kundipeza. Ndisanadziwe chimene ndikuchita, ndinali nditapereka K220. Anati andisungira mpaka pa 10 Disembala.

Kunyumba ndinauza mkazi wanga Felister, ndikuganiza kuti aimba nthungululu. Iye anangondiyang'ana nati, "Atate a Pamela, nsalu amavala kuphazi?" Sanalakwe ayi. Pamela, mwana wathu woyamba, ayamba giredi wani mu Januwale. Kusukulu n'kutali, njira yake ya minga ndi matope, ndipo mwanayu alibe nsapato ngakhale chikwama cha mabuku. Wakhanda, Eugene, ali ndi miyezi sikisi. Mbereko yake ndi yomwe ija anaberekera Pamela, yang'ambika pakati moti Felister amachita kuipinda pawiri. Ndiye pali amai. Akukhala okha tsopano, ndipo ino ndi nyengo ya mango, njovu zimafika mpaka kuseri kwa nyumba yawo. Tochi imene atate ankaunikira inafa kalekale. Felister anati, "Njovu ikaima pakhomo, apongozi adzaionetsa diresi?" Zinandipweteka. Ndinamuyankha kuti iye sanakulire m'nyumba mwathu, ndiye zimenezi sangazimve. Kuchokera tsiku limenelo amandipatsa chakudya ali chete. Sindinapepese.

Ndinapita kukauza amai za mpukutu uja. Anatsegula bokosi lachitsulo mmene amasungamo zovala za Khirisimasi za zaka zonse, diresi la nkhanga, la mawotchi, la masamba a chinangwa. Anafukula mpaka pansi, n'kutulutsa duku lobiriwira lija. Analiyala pamiyendo n'kumalisisita. Anangoti, "Atate ako aja," basi, misozi. Ine ndinamva kuti sakufuna mwambowu ufe. Iyi ndi Khirisimasi yoyamba popanda mwini wake. Tina ali ku Kitwe kwa mwamuna wake, sabwera. Ndikapanda kubwera ndi mpukutu ine, abwera nawo ndani?

Ndatsala ndi K430, ndipo ntchito idzayambanso mu Meyi. Ndikamalizitsa nsalu nditsala ndi K50, yosakwana ngakhale telala. Ndikagula nsapato ndi tochi, a Jairos ndikawauza chiyani, anthu amene ankalemekeza atate chonchija? Nanga amai pa tsikulo? Mnzanga wina akuti nditenge kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja ija, ndidzabweze kampu ikatsegulidwa. Sukulu ndinalekera giredi seveni, aphungu, nkhani zazitali sindizitha. Ingondiuzani choti ndigule ndi choti ndisiye. Mvula yagwa kale kawiri, mitsinje ikadzaza njira ya ku Mfuwe itsekeka. Kwa a Jairos kwatsala K380.

O. B., Malama, Mambwe

*

Atate a Pamela,

Pepani ndi imfa ya atate anu. Khirisimasi yoyamba pambuyo pa maliro imalemera, ndipo ambiri amagula zinthu ndi misozi m'malo mwa mutu. Simuli nokha.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo yankho mwalilemba nokha m'kati mwake. Taonani. Nsalu za zaka zabwino mwangozitchula, ya nkhanga yokha ndi imene mwaimapo pang'ono. Koma chaka chimene mukuchitcha cha umphawi mukukumbukira zonse, mtundu wa nsalu, maluwa ake, chipewa cha atate anu, mpaka chiwala chosokoneza ulaliki. Nanga amai anu, bokosi lodzaza madiresi athunthu, anapitirira onsewo kukatenga chiyani pansi penipeni? Ine sindili mumtima mwawo, koma inunso simunawafunse. Mwangowamasulira misozi. Kawafunseni bwino chifukwa chimene duku limenelo amalikondera.

Atate anu analibe lamulo la mamita 12. Lamulo lawo linali lakuti pasapezeke wotsala. Thonje likalola ankagula mpukutu, litakana anagula mamita awiri n'kugawira aliyense, ndipo simunandiuze kuti anakongola kwa munthu. Mwambo umene mukuopa kuupha ndi umenewo.

Ndiye chitani izi. Pitani kwa a Jairos sabata ino, musadikire pa 10. Auzeni mosabisa kuti mpukutu wonse simuutha, akudulireni wa ndalama zimene munapereka. Pa K50 mita, K220 yanu ndi mamita anayi, ndipo K20 yotsalayo tengani ulusi ndi maswiti. Manyazi muwasiye pakhomo. Munthu amene anagulitsa atate anu mamita awiri chaka cha madzi sangadabwe ndi anayi, ndipo wamalonda aliyense amakondwa kumva msanga kuti otsalawo agulitse kwa ena.

Mamita awiri ndi mbereko ya Felister. Pamenepo mwaveka anthu awiri, pakuti Eugene safuna malaya a Khirisimasi, amafuna msana wosamugwetsa. Mita imodzi ndi duku la amai. Yotsalayo telala asokere Pamela chikwama cha mabuku, cha lamba wolimba. Onse adzalowa m'tchalitchi ndi nsalu imodzi, aliyense ndi chimene chimugwirira ntchito mpaka chaka chamawa.

Pa K430 ija yambani ndi tochi, chifukwa nkhani ya njovu si yodikira Khirisimasi. Gulani yotchaja ndi dzuwa kuti amai asamavutike ndi mabatire, muiyese musanachoke m'sitolo, ndipo muwapatse tsiku lomwe mwafika. Kenaka nsapato za Pamela. Za pa salaula, zovalidwapo kale, zokhala ndi pansi polimba zimaposa zatsopano zonyezimira. Muyeze phazi lake ndi kachingwe musananyamuke, muwonjezere chala chimodzi, mwana wa msinkhu umenewo amakula ngati chimanga cha pachulu. Lipirani telala, mugule shuga ndi mpunga pang'ono. Yesetsani kuti K100 ibwerere kunyumba, pakuti Januwale amabwera ndi mapensulo, makope ndi malungo.

Musanakwere njinga, pepesani kwa Felister. Munamuuza kuti sanakulire m'nyumba mwanu, koma nyumba imene mukumanga tsopano ndi yake, ndipo ndi iye amene anakumbukira amai anu ndi njovu pamene inu munkanunkhiza nsalu. Mufunseni ngati mbereko ndi imenedi akufuna. Akasankha china, mverani iye, osati ine.

Chenjezo langa ndi la kaloba. Musaikhudze. Kuchokera Disembala mpaka Meyi ndi miyezi isanu, ndipo chiwongoladzanja sichipita patchuthi ngati kampu yanu. Mungadzavale buluu tsiku limodzi, n'kugulitsa njinga ya atate anu mu Malichi.

Pomaliza, telala akamadula chikwama padzatsala kachidutswa. Musalole akatayire pansi. Mupatseni malaya anu akale asokepo thumba limodzi pachifuwa. M'mawa wa Khirisimasi muikemo switi ndi mtedza wokazinga, muwerame, Pamela apisemo dzanja amai anu akuona.

Aphungu