Ndowa Yanga ya Madeya ndi Mphuno ya a Kaliati

Chiringa,
Phalombe.
14 Ogasiti, 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Lilongwe, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tili bwino, nandolo wayamba kuuma, koma mphepo yochokera kuphiri chaka chino yatikwana. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndiye nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Mukukumbuka mmene mdzukulu wanu Noah anadwalira chaka chatha, mankhwala kumwa osamva? Adokotala anandiuza kuti tizilombo tina tinazolowera mankhwala, ndipo ankadandaula ndi anthu amene timangowagwiritsa ntchito mwachisawawa. Amayi, ine ndinadziona wolakwa, chifukwa nkhuku zanga zanyama zija ndinkazitsegulira makapusozi m'madzi zidwale zisadwale, monga amachitira aliyense kuno.

Ndiye ndinapita kwa a Temwa, mlangizi wa ziweto wochokera ku Rumphi uja, kukafunsa ngati pali njira ina. Anandipatsa kapaketi ka ufa wotuwa n'kunena kuti, "Umu muli tizilombo tamoyo, koma tabwino. Tikakhazikika m'matumbo a nkhuku, toipa timasowa malo."

Ine ndinaseka. "A Temwa, ndiye kuti ndizithamangitsa tizilombo ndi tizilombo tinzake?"

"Eya. Ngakhale inuyo muli nato m'mimbamo. Mu chambiko mulinso. Koma katemera wa chitopa musasiye, ameneyo ndi nkhani ina."

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunapume. Kodi timadya chiyani? Timagona? Timadziwa bwanji kuti uyu ndi mnzathu, uyu ndi mdani? Ndinawafunsa a Temwa mpaka anayamba kukhotetsa njinga akandiona pamsika.

Ufa uja utayamba kuchepa, anandiphunzitsa kunyika madeya m'ndowa, kuthiramo pang'ono n'kuvindikira kuti tizilombo tichulukane. Amayi, mukanaona! Madeya amatulutsa thovu okha, phwi phwi, ngati muli wina akupuma pansi. Ndimatha kukhala pamenepo n'kuiwala mphika pamoto. Nkhuku zimachita kulimbirana, chitosi chinauma, ndipo khola silinunkhanso ngati kale. Sindikunamizani kuti zonse zinapulumuka ayi, zingapo zinafa zili anapiye. Koma zotsalazo zanenepa popanda kapusozi ngakhale mmodzi.

Vuto ndi fungo. Madeya akasasa amamveka ngati masese, ndipo mphepo imanyamula fungolo molunjika kwa a Beatrice, amene tinayandikana nawo aja. Iwo sanandifunse kanthu. Anangopita kumpingo kukanena kuti Eneless, mayi wovala yunifomu ya amayi a mpingo, akufulula mowa kuseri kwa khola.

Loweruka kunabwera akulu a mpingo, otsogolera ali a Kaliati. Ndinawayalira mphasa, ndinatulutsa ndowa, ndinafotokoza zonse mmene a Temwa anandiuzira. Ndinathira madeya m'mbale, nkhuku n'kudya iwo akuona. Ndinatinso, "Taonani, kodi ilipo imene ikudzandira?" Mmodzi wa iwo anatsala pang'ono kuseka, ndipo ndinaona kuti zinthu zikuyenda.

Kenako a Kaliati anawerama, ananunkhiza, anaviika chala n'kulawa. Anatsinzina kaye, n'kunena kuti, "Ayi, uwu wangotsala pang'ono kupsa. Kungowonjezera chimera basi."

Amayi, mukundidziwa. Mulungu ndi mboni, sindinafune kuwanyoza. Ndinangodabwa kuti lilime lingathe bwanji kudziwa zimenezi, poti ine ndakhala ndi ndowayi nthawi yonseyi osazindikira. Mawu anangotuluka okha: "Inu abambo, mwadziwa bwanji?"

Wina anatsokomola, wina anayamba kuyang'ana mtengo wa mango. A Kaliati anapukuta chala pathalauza, anadzuka, sanatsanzike n'komwe.

Lamulungu anandiitana pambali. Akuti nkhani ya mowa alibe nayo umboni, koma fungo likukhumudwitsa abale, ndiponso ndinasowa ulemu. Akuti nditaye ndowayo ndi kulonjeza kuti sindidzanyikanso, apo ayi ndivule kaye yunifomu mpaka atakhalanso pansi. Za ulemuzo ndinapepesa ndi mtima wonse, ndinagwada ndithu. Koma za ndowa ndinawafunsa kuti, nanga thobwa limene timamwa pa zochitika za mpingo silisasa? Akuti mafunso amenewo ndi amene andifikitsa pamenepa.

Bambo a Noah akuti, "Ingotaya, ubwerere ku makapusozi, anthu akhale chete." Ndinayesa, Amayi. Ndinainyamula ndowa mpaka kudzala. Koma nditavundukula n'kuona thovu lija, ndinaganiza kuti ndikataya ndiye kuti ndavomera bodza, komanso ndibwerera kudyetsa mwana wanga nyama ya mankhwala. Ndinabwerera nayo, ndipo yunifomu ndavula. Zikundiwawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene munasangalalira tsiku limene anandiveka, mpaka munalulutira mawu kutha.

Chodabwitsa n'chakuti akomiti yokonzekera msonkhano wa amayi wa mwezi wamawa abwera dzulo kudzaona nkhuku. Azikonda, ati zonse ndisagulitse kwina. Ndinafuna kuwafunsa ngati fungo silidzawakhumudwitsa m'mbale, koma ulendo uno ndinadzigwira pakamwa.

Mupereke moni kwa achimwene a Dickson ndi alamu. Noah akuti mumubweretsere nsapato za mpira. Bambo ake akupereka moni. Mukamabwera kumsonkhanoko mutenge juzi, kuno kukuzizirabe. Ndipo Amayi, amayi akadzayamba kulowa pamzere akuimba, musadzavutike kutembenuka kundifunafuna pakati pa ovala zoyera. Ndidzakhala kuseri ndi chitenje changa, ndikusosola nkhuku. Mukadzadya, mudzabwere kumeneko mudzandiuze nokha ngati ndalakwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eneless.