Lachisanu la Tsabola

Lachinayi, 4 Seputembala

Akuti ndinapempha zoti tizipuma Lachisanu chifukwa cha ulesi. Ena akuti ndapeza mwamuna ku tauni ya Kočani. Bodza lokhalokha. Mwamuna wake uti, wa mano angati?

Zoona zake nazi. Seputembala aliyense theka la fakitale yathu ya malaya limadwala. Msana, mutu, apongozi agonekedwa. Mawa lake akubwera zikhadabo zili bii, tsitsi likununkha utsi. Matenda ake ndi ajvar basi, phala la tsabola wosawawa lopaka pa buledi: kuwotcha tsabola, kusenda, kugaya, kutakasa mpaka dzuwa kulowa. Zaka zisanu ndi zinayi ndili kapitawo, ojomba ndimawadziwa. Ndinauza bwana Trajče kuti tsikulo timalitaya kale. Tingowapatsa poyera, onse tsiku limodzi, malipiro osakhudza, kuti mzere wosoka usamaduke pakati pa sabata.

Metodija, manijala wathu wadigiri, anaseka. "Makina asanu ndi atatu alibe anthu, eni ake ali ku Germany, inu mukuti tichotsenso tsiku? Masamu amenewa ndi a chaka chachitatu chija, Apulofesa?" Chaka chimene ndinasiyira yunivesite. Amadziwa pobaya.

Bwana avomera, koma anditchera msampha. Malaya 6,000 a ku Italy atuluke pa 25. Akapanda kutuluka, ukapitawo watha, ndibwerera pa makina. Ine. Ndavomera ndikumwetulira.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Dzulo linali tchuthi cha boma. Sindinachiwerengere. Ine amene ndimakonza masamu a anthu! Sabata ino masiku atatu okha, tatsalira ndi malaya pafupifupi 400.

Metodija wandigulira khofi. Chipongwe chothira shuga. Ndamwa yense.

Koma lero palibe wadwala. Ngakhale mmodzi.

Lachisanu, 12 Seputembala

Kwa Blagica wa mabatani. Ndinati ndingodutsa, andikhazika pampando n'kundiikira beseni pamiyendo. Tsabola matumba asanu ndi limodzi, mbaula ziwiri pabwalo, utsi mpaka mumsewu. Blagica akuti, "Sendani bwino, Apulofesa, kuno digiri ndi zala." Ndinamuyankha kuti mabatani ake akanamaongoka ngati pakamwa pakepo, tikanalemera. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Panalinso Zorka ndi mng'ono wake, a fakitale ya kutsidya kwa mtsinje. Onse awiri "akudwala msana", kalata ya dokotala ili m'thumba. Galimoto ikadutsa, akubisala kuseri kwa nkhuni. Zorka: "Ndiye inu mukuwotcha masanasana, osabisala? Bwana wanu akudziwa?"

Buledi, tchizi, ajvar wotentha wopala m'mphika. Ndinaimba nawo. Zimenezi zisamveke kuntchito.

Lolemba, 15 Seputembala

Sikisi koloko, Zorka ndi mng'ono wake ali pageti, akufuna ntchito kwathu, aliyense lumo lake m'chikwama. Misana yachira.

Ndachotsa ndekha nsalu zovundikira makina awiri. Fumbi la miyezi khumi. Metodija amangoyang'ana pawindo la ofesi ngati wameza fupa. Miyezi yonseyi akulengeza pa wailesi kuti tikufuna osoka, osabwera munthu. Ine beseni limodzi la tsabola.

Ndayenda wapansi pobwerera kunyumba, ndikulankhula ndekha. Agalu okha ndiwo andimva.

Lachitatu, 17 Seputembala

Tatsalira ndi 150 basi. Bwana auza mlendo wina kuti nzeruyi anaiganiza okha ali m'bafa. Asambe bwino.

Lachiwiri, 23 Seputembala

Velika wabwera dzanja lili m'bandeji. Mphika wa ajvar unamulavulira Lamlungu, chikhatho chonse matuza. Velika ndiye wa makolala. Kolala sasoka aliyense, ikapotoka pang'ono Ataliyana amabweza bokosi lonse. Mnzake Ljupka yekha sangakwanitse.

Analira. "Ndakuphani, achemwali." Ndinamuuza kuti asadzitame, anthu oposa iye analephera.

Metodija, mwaulemu wake wa njoka: tiitane anthu Lachisanu, iye akapepesa kwa bwana kuti lole yotenga malaya idikire tsiku limodzi, ukapitawo wanga usakhudzidwe. Ndiye kuti Lachisanu lafa, ndipo iye wapambana. Ndamuuza kuti ndamva.

Fakitale yonse, wodziwa kolala wina ndi mmodzi: ine. Ndinalumbira kuti mpando umenewo sindidzaukhalanso.

Lachitatu, 24 Seputembala

Ndakhala pa makina a Velika. Holo yonse maso pa ine. Kenako Blagica: "Taonani, yunivesite yatsika!" Kuseka konse kuja. Ndinati aliyense wotsegula pakamwa asoke ndi mano.

Makolala atatu oyamba, zinyalala. Wachinayi, phazi linakumbuka lokha. Velika waima kumbuyo kwanga tsiku lonse, dzanja m'mwamba ngati wolumbira kukhoti, akundikalipira. Kapitawo kukalipiridwa! Ndipo amanena zoona.

Khosi likuwawa, maso akuyabwa. Chinthu chochititsa manyazi: ndasangalala.

Lachinayi, 25 Seputembala

Lole yatuluka pageti 3:40. Malaya 6,000. Makolala 212 ndi anga.