Mabatire Athera pa Dzina

Lachinayi madzulo. Mtima suli m'malo.

Ndine Feliya, wa zaka 79. Kale ine ndi Esinati, mnzanga amene ndinkathyola naye tiyi, tinkatsegula wailesi pofuna nyimbo zovina basi. Mauthenga a maliro akayamba, iye ankati, "Tseka iwe, zimenezo n'za nkhalamba!" Masiku ano mauthengawo ndi amene ndimadikira.

Masanawa muulutsi anati, "Amwalira mayi a ku Chonde, amene ankagwira ntchito ku esiteti, dzina lawo..." Pomwepo mabatire anatha. Ndawayanika padzuwa, ndawaluma ndi mano otsalawa, koma wailesi ili zii.

Ku Chonde n'kumene Esinati anakwatiwa, ndipo miyendo yangayi siingandifikitseko.

Esinati mnzanga, ngati sunali iwe, nditumizire kakalata. Ngati unali iwe...